Funsani Malume: Chikomyunizimu, chikapitalizimu ndi nkhokwe yanu

Makalata a mwezi uno akukhala ngati munachita kupangana, onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiye ndangoti ndiwayankhire pamodzi. Amene munafunsa za katapila dikirani mwezi wamawa, sindinaiwale ayi.

FUNSO: Malume, ine ndili Fomu 4. Aphunzitsi athu anatiuza kuti mu chikomyunizimu anthu onse amakhala ofanana, kulibe olemera kulibe osauka. Ndiye ine ndadabwa, zabwino ngati zimenezi bwanji dziko lonse silinangozitenga? Komanso chikusiyana pati ndi chikapitalizimu? Mundiuze mwa Chichewa chifukwa manotsi andizunguza mutu. Ndine mphwanu wa ku Dedza.

YANKHO: Mphwanga, tseka kaye manotsiwo tiyambire ku chigayo. Kwanuko kuli chigayo eti? Mwini wake anagula injini, anamanga shedi, n'kulemba anyamata awiri amene amachita kuyera mbuu ndi ufa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Madzulo ndalama zonse zimalowa m'thumba la mwiniyo, amachotsapo ya magetsi kapena dizilo, ya masefa akabooka, kenako kamalipiro ka anyamata aja, zotsalazo n'zake. Chikapitalizimu ndi chimenecho basi. Wokhala ndi mpamba ndiye mwini zipangizo, wopanda mpamba amagulitsa mphamvu zake, ndipo mtengo wogayitsira chitini umadalira ngati pafupi pali chigayo china cholimbirana nacho makasitomala.

Ndiye kunali mkulu wina wa ku Germany, Karl Marx, anabadwira ku Trier mu 1818 n'kukamwalirira ku London mu 1883, moyo wake wonse ali kakasi ndi ngongole. Iyeyu anayang'ana mafakitale a ku England, kumene ngakhale tiana tinkagwira ntchito maola 12 kapena kuposa, n'kufunsa kuti kodi phindu limene bwana amaika m'thumba lija limachokera kuti? Yankho lake linali lakuti limachokera ku thukuta la antchito, amapanga zinthu za mtengo wambiri koma amalipidwa zongoti mawa adzukenso. Mnzake wapamtima anali Friedrich Engels, ndipo choseketsa n'chakuti banja la Engels linali ndi fakitale ya thonje ku Manchester, ndalama za fakitale yomweyo n'zimene zinkamudyetsa Marx pamene ankalemba zodzudzula eni mafakitale. Mu 1848 awiriwa anatulutsa kabuku kotchedwa Communist Manifesto, koitana antchito a dziko lonse kuti agwirizane.

Ganizo lawo linali loti antchito alande zipangizo zopangira chuma zikhale za onse. Apa ambiri amasokoneza, sankanena buluku lako kapena mphika wa amako ayi, ankanena chigayo, mgodi, banki, esiteti, njanji. Aliyense agwire molingana ndi mphamvu zake alandire molingana ndi zosowa zake, ndipo pamapeto pake ngakhale boma lenilenilo lidzangofota lokha chifukwa sipadzakhala woponderezana naye. Zokoma kumva, sindikukana.

Koma taona zimene zinachitika atakaziyesa. Mu 1917 Lenin ndi chipani chake cha Bolshevik analanda boma ku Russia, dziko la alimi osauka, osati la mafakitale ngati mmene Marx ankayembekezera. Soviet Union inakhazikitsidwa mu 1922, Lenin anamwalira mu 1924, Stalin n'kutenga mpando. Kuyambira 1929 Stalin analamula kuti minda yonse iphatikizidwe, ng'ombe zonse khola limodzi, zokolola boma lizitenga kaye gawo lake kuti lidyetse m'matauni ndi kugulitsa kunja. Alimi ambiri anangopha ziweto zawo n'kudya kusiyana n'kuti apereke. Amene anali ndi kanthu pang'ono anapatsidwa dzina loti kulak, n'kuthamangitsidwira ku Siberia. Mu 1932 ndi 1933 kunagwa njala yoopsa, ku Ukraine kokha kunafa anthu oposa 3 miliyoni, dziko la nthaka yachonde ngati imeneyo, ndipo ku Kazakhstan nakonso anthu anatha. Boma limene linkayenera kufota lija linanenepa mpaka kumeza chilichonse, nyuzi, makhothi, matchalitchi, ukangotsegula pakamwa ulendo wa ku ndende za Gulag.

Tisawanamizire, zina anachita. Anthu ambirimbiri amene sankadziwa ndi A yemwe anaphunzira kuwerenga, chipatala chinali chaulere, anagonjetsa asilikali a Hitler, anaponya setilaiti yoyamba yotchedwa Sputnik kumwamba mu 1957 ndipo Yuri Gagarin anazungulira dziko mu 1961 Amereka akungoyang'ana. Koma dziko lomwelo loponya munthu mumlengalenga linkalephera kuika soseji ndi nsapato zokwanira m'sitolo, anthu mizere tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake n'chosavuta. Pamsika, tomato akasowa mtengo umakwera, mlimi wa ku Ntcheu amamva yekha popanda womuuza n'kudzala wambiri. Kumeneko mitengo ndi kuchuluka kwa katundu zinkalembedwa ndi anthu a mu ofesi ku Moscow m'mapulani a zaka 5, ndiye akalakwitsa dziko lonse lalakwitsa, ndipo palibe wolimba mtima wopita kukanena kuti bwana mwaphonya. Chinanso ukuchidziwa kale, taona mjigo wa m'mudzi ukawonongeka mmene anthu amayang'anirana, aliyense amati n'za boma izi. Khoma la Berlin, limene linkalekanitsa mbali ya chikomyunizimu ya mzindawo ndi ya chikapitalizimu, linagwa mu 1989, Soviet Union n'kutha mu Disembala 1991 nthawi ya mtsogoleri wake womaliza, Gorbachev.

Pa mayeso usalembe kuti chikapitalizimu ndi mngelo. Thangata anali chikapitalizimu, mzungu watenga malo, iwe ukulipira lendi ndi thukuta pa nthaka ya makolo ako, n'zina mwa zimene zinamukwiyitsa John Chilembwe mu 1915. Marx matenda anawaona bwinobwino, mankhwala ake ndi amene anavuta.

FUNSO: Achimwene, ine ndine wamkulu ndithu, ndinaona ndi maso anga anthu a ku Mozambique akuthawira kuno ndi timitolo pamutu. Nthawi ya Kamuzu tinkauzidwa kuti chimene chawononga dziko lawo ndi chikomyunizimu. Zinali zoona kapena zinali ndale chabe? Ndine bambo wa ku Mwanza.

YANKHO: Bambo, zikomo polemba, inu munaona zimene ife tinangomva. Ndinganene kuti theka zoona, theka ndale. Mozambique inalandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambiri anathawa n'kusiya mafakitale ndi masitolo opanda woyendetsa, ndipo mu 1977 chipani cha Frelimo pansi pa Samora Machel chinalengeza kuti chikutsata Marx ndi Lenin. Anayamba bwino pa sukulu ndi katemera, zimenezo aliyense amavomereza. Koma analakwitsa kumudzi. Anachotsa mafumu powanena kuti anali zidole za atsamunda, ananyoza asing'anga ndi miyambo, anasamutsa anthu m'malo a makolo awo, kusiya manda ndi mitengo ya mango, kupita nawo ku midzi ikuluikulu yochita kukonza boma. Mu 1983 anafika pogwira anthu osowa ntchito m'matauni n'kukawataya ku Niassa kuti akalime. Munthu wotereyu mtima ukhala pansi?

Koma nkhondo ya pachiweniweni imene anthuwo ankathawa sinangomera yokha ngati bowa. Renamo, imene inkamenyana ndi boma la Frelimo, inaleredwa ndi azondi a boma la azungu la Rhodesia, kenako boma la tsankho la South Africa linaitenga n'kumaipatsa mfuti, chifukwa Samora ankasunga omenyera ufulu a mayiko awiriwa. Ndiye mkwiyo wa anthu akumudzi unali udzu wouma, machesi anabwera nawo ndi a kunja. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, apo n'kuti kuno tikusunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Frelimo inali itasiya kale za Marx mu 1989.

Tsono za a Ngwazi ndiloleni ndinene pang'ono. Ankadana nacho chikomyunizimu kwabasi, n'chifukwa chake ankagwirizana ndi Taiwan komanso South Africa pamene anzawo ankayang'ana ku Moscow ndi Beijing, ndipo azungu ankawakonda pa chifukwa chomwecho. Attati Mpakati, Mmalawi amene ankatsogolera gulu la chisosholizimu la LESOMA ali kunja, anaphedwa ku Harare mu 1983. Koma bambo takumbukirani bwino mmene tinkakhalira. Chipani chimodzi, khadi pokwera basi ndi polowa mumsika, mlimi wamng'ono kugulitsa mbewu ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, fodya wa bale kulima maesiteti okha mpaka cha m'ma 1990. Munthu wa ku Moscow akanabwera bwenzi zina akuziona ngati ali kwawo. Dzina linali lina, koma mlimi analibe mawu pa mbewu yake uku ndi uko komwe.

FUNSO: Malume, ine ndimapanga geni ya zovala ndipo katundu wanga yense ndi wa ku China. Amati China ndi dziko la chikomyunizimu, nanga bwanji anthu ake amakonda ndalama chonchi? Pa mtengo sagonja ngakhale pang'ono. Ndine mayi wa ku Limbe.

YANKHO: Mayi, mwandiseketsa koma funso lanu ndi limene lili ndi nyama. China ya Mao Zedong, kuyambira 1949, inali chikomyunizimu chenicheni chosasungunula. Mu 1958 Mao analamula kuti dziko lidumphe pa chitukuko, midzi yonse izilima pamodzi ndi kudyera khitchini imodzi, anthu azisungunula zitsulo kuseri kwa nyumba mpaka makasu ndi miphika zinathera m'ng'anjo. Analamulanso kupha mpheta zonse poti zimadya mbewu, mpheta zitatha tizilombo tinachuluka n'kumaliza minda. Akuluakulu a m'maboma poopa kuoneka olephera ankanama kuti zokolola zachuluka, boma n'kumatenga gawo lake potengera bodzalo. Njala imene inatsatira mpaka cha mu 1962 inapha anthu osachepera 15 miliyoni, ofufuza ambiri amati oposa 30 miliyoni.

Mao anamwalira mu 1976. Chakumapeto kwa 1978, m'mudzi wina wotchedwa Xiaogang m'chigawo cha Anhui, alimi 18 anakumana mobisa n'kudinda zala pa pepala kuti agawane munda wa gulu, banja lililonse lilime pake, lipereke gawo la boma, zotsala zikhale zake. Anagwirizananso kuti wina akamangidwa otsalawo amulerere ana, ndiye mutha kuona kuti sanali masewera. Chaka chotsatira anakolola zochuluka zedi, nthaka yomweyo, makasu omwewo, anthu omwewo. Mtsogoleri watsopano wa China, Deng Xiaoping, m'malo mowamanga analola kuti njirayi ifalikire, mu 1980 anatsegula mzinda wa Shenzhen kuti makampani akunja abwere ndi mpamba wawo, ndipo kuchokera apo anthu mamiliyoni mazanamazana anatuluka mu umphawi. Vietnam inachitanso chimodzimodzi mu 1986.

Ndiye lero China yasunga chipani chimodzi, nthaka si ya munthu payekha, mabanki akuluakulu ndi a boma, kutsutsa chipani n'kuputa mavu, koma pa malonda ndi msika weniweni ndipo mabiliyoneya aliko ambiri. Amene mumakangana naye mtengoyo ndi kapitalisiti mnzanu, mayi. Ife tinasiya Taiwan n'kugwirana nawo chanza nthawi ya Bingu kumapeto kwa 2007, nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi iwo anamanga, koma musaganize kuti anabwera kudzagawa.

FUNSO: Kodi Malume, ife Amalawi si akomyunisiti kale? Timalimirana dima, pa maliro timasonkha, ngakhale m'Baibulo ophunzira oyamba aja ankagawana zonse. Ndine mkulu wa mpingo, Kasungu.

YANKHO: Abambo, Nyerere ankaganizanso choncho pamene ankayambitsa Ujamaa, ndondomeko yoti anthu azikhala ndi kulima pamodzi m'midzi, ku Tanzania mu 1967, ankati Mwafrika safunika kuphunzitsidwa kugawana ndi mzungu. Zinayenda pamene anthu ankalowa mwa kufuna kwawo, zinasokonekera m'ma 1970 atayamba kusamutsa anthu mokakamiza. Pa dima timalima limodzi, thobwa timamwera chipanda chimodzi, koma chimanga chimakalowa m'nkhokwe ya mwini munda, ndipo amene sanabwere sitimuitanira polisi, timangomukumbuka tsiku lake likafika. Za m'buku la Machitidwe zija nazonso anthu ankabweretsa okha, Petro anamuuza Hananiya kuti mundawo unali wake ndithu asanaugulitse, mlandu wake unali bodza. Banki m'khonde ya amayi a kumpingo kwanu imayenda chifukwa onse amadziwana nkhope ndipo wotopa nayo amatha kutuluka. Kuitenga imeneyo n'kuiveka dziko lonse la anthu osadziwana, makiyi a bokosi n'kupatsa chipani chimodzi chokhala ndi mfuti, ndi nyama ina imeneyo.

FUNSO: Osazungulira Malume, inuyo muli mbali iti? Ndine wa kabaza, Mzuzu.

YANKHO: Achimwene, njinga mukuyendetsayo ndi yanu kapena mumapereka ya bwana madzulo alionse? Ngati ndi ya bwana, Marx akanakhala mnzanu, ndipo zinthu ngati maola 8 a ntchito, tchuthi ndi mabungwe a antchito zinabwera chifukwa antchito anamenyera nkhondo ndipo mabwana ankaopa kuti zingawachitikire za ku Russia. Ine ndimafuna sukulu, chipatala ndi msewu zikhale za tonse, ngati mmene achitira ku Sweden ndi Norway kumene msonkho ndi wokwera koma malonda ndi a anthu ndipo boma amalichotsa ndi voti. Koma nkhokwe yanga ndi pakamwa panga asandigwirire munthu. Njingayo mukamaliza kusonkha ya chiperegani mugule yanu, ndipo mukadzalemba mnyamata woti azikuyendetserani yachiwiri mudzandilemberenso, ndikufuna ndidzamve kuti mukumulipira zingati.