Kodi asilikali amanama akati "unali mwala woyaka basi"?

Achimwene ena anditumizira imelo sabata yatha, akuti bwanji anthu akaona chinthu chachilendo kumwamba, ma UFO aja, asilikali a ku America akafufuza amangoti inali nyenyezi yothothoka? Sikuti akubisa china chake?

Achimwene, ine ndikuti nthawi zambiri asilikaliwo amanena zoona, koma nawonso anthu oonawo sanama. Tiyeni tione nkhani imodzi iyi.

Pa 24 July 1948, cha m'ma 2:45 usiku, mapailoti awiri a Eastern Air Lines, Clarence Chiles ndi John Whitted, akuyendetsa ndege ya DC-3 pafupi ndi Montgomery ku Alabama, anaona chinthu chachitali ngati ndudu chikubwera mwaliwiro, chili ndi mizere iwiri ya mawindo owala, kumbuyo chikulavula moto, ndipo m'masekondi ochepa chinapita. Awatu anali mapailoti odziwa ntchito, osati anthu ongoyankhula zilizonse, moti gulu la asilikali a ndege a ku America (Air Force) lofufuza zimenezi, Project Sign, linatekeseka zedi, ena mmenemo mpaka kukhulupirira kuti ndi chombo chochokera kunja kwa dziko lathu. Katswiri wa nyenyezi amene ankawalangiza, J. Allen Hynek, anati mwina unali mwala waukulu woyaka, nyenyezi yothothoka ija, ndipo pamapeto pake fayilo inatsekedwa choncho. Pasenjala mmodzi amene anali maso anangoona mzere wa kuwala, mawindo ayi.

Mwina mukuti nanga mwala umakhala ndi mawindo? Apa ndi pamene ine ndinagonjera. Pa 3 March 1968 zidutswa za roketi ya ku Soviet Union yomwe inanyamula chombo cha mumlengalenga chotchedwa Zond 4 zinapsa polowa mu mpweya kumwamba kwa America, chinthu chodziwika bwinobwino kuti chinali chani, koma ena mwa oona analemba kuti chinali chombo ngati ndudu, cha mawindo, chikudutsa mmunsi kwambiri. Chimachitika n'chakuti chinthu chikasweka n'kukhala tizidutswa towala totsatana, diso limalumikiza timadonthoto n'kupanga thupi, ndiye usiku mulibe choyerekezera, chinthu choyaka pa makilomita 80 kapena 100 m'mwamba chimaoneka ngati chili pamwamba pa mtengo wa mango. Liwiro lake nalonso si lamasewera, miyala imeneyi imalowa pa makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi imodzi. Kwathu kuno wina akanati ndege ya afiti yadutsa, chifukwa munthu amamasulira ndi zimene anakula akumva. Mu 1948 anthu ankamva za maroketi.

Koma sikuti asilikali anali olungama pa zonse ayi. Nkhawa yawo inali ma Russia, osati kudziwa za chilengedwe, ndiye fayilo ikaoneka kuti siopseza dziko ankafulumira kuitseka. Chakumapeto kwa 1948 ku New Mexico, kufupi ndi Los Alamos kopangira mabomba a nyukiliya, kunkaoneka moto wobiriwira kumwamba, ndipo Lincoln LaPaz, katswiri weniweni wa miyala yogwa kumwamba, anakana kuti si miyala wamba. Asilikali anakhazikitsa Project Twinkle yofufuza motowo, makamera sanagwire zogwira mtima, nkhani n'kungozizira. Zoterezi zimandipweteka chifukwa ndi zimene zinachititsa anthu kusiya kukhulupirira ngakhale mayankho oona.

Project Blue Book, kafukufuku wa Air Force wa ma UFO amene anabwera pambuyo pa Project Sign, itatsekedwa mu 1969 inali ndi malipoti 12,618, ndipo 701 anatsala opanda yankho. Opanda yankho sikutanthauza alendo a kunja kwa dziko, n'kungoti ofufuzawo analephera kunena kuti chinali chani.

Ndiye achimwene tsiku lina mukadzaona chotere, musaope, werengani masekondi. Mwala umatha m'masekondi ochepa, zidutswa za roketi zimayenda pang'onopang'ono mwina mpaka miniti yathunthu. Lembani nthawi, mbali yomwe chachokera ndi komwe chalowera, kenako mundilemberenso.