Yankho kwa amalume: mlonda wa ku resiti hausi

Eee, amalume, ndamva uthenga wanu pa gulupu paja. Mukuti ku resiti hausi kwanu ku Monkey Bay muli ndi antchito anayi, ndipo mlonda mukufuna kumuchotsa lero chifukwa dizilo wa jenereta akumasowa usiku. Pepani, musamuthamangitse kaye.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limafuna zinthu ziwiri musanachotse munthu: chifukwa chomveka, komanso kumupatsa mpata woti ayankhepo. Ambiri amagwera pachiwiricho. Munthu atha kukhala kuti anabadi, koma ngati simunamumve, akakadandaula ku ofesi ya leba ku boma ku Mangochi, kapena nkhani ikafika ku khoti la za ntchito, olipira mukhala inuyo.

Ndiye chitani chonchi. Mulembereni kalata yonena mlandu wake, masiku amene dizilo anasowa ndi malita ake, ndi tsiku loti mukakhale pansi. Mupatseni masiku angapo akonzekere, ndipo abwere ndi mnzake wa pantchito ngati akufuna. Pokambirana pakhale wolemba zonse, pomaliza onse asayine. Chigamulo chanu mumupatsenso pa kalata. Koma funso ndi ili: muli ndi buku lolembamo dizilo wothiridwa madzulo ndi wotsala m'mawa? Ngati mulibe, mlanduwo ndi wapakamwa chabe, iye angoti jenereta ndi yakale, imamwa mafuta. Gulani kope lero, muziyeza ndi ndodo mu thanki pomusiyira ntchito ndi pomulandira, nonse awiri muzisayina.

China, anthu anayiwo ali ndi makalata a ntchito? Lamulo limakakamiza bwana wa antchito asanu kapena kuposerapo, komabe inunso, pasanathe mwezi munthu atayamba, muzimupatsa pepala lonena ntchito yake, malipiro, maola, tchuthi ndi notisi. Ngakhale mwana wa achemwali anu amene akuphika uja, mulembereni. Achibale ndi amene nkhani zawo zimavuta kwambiri, chifukwa aliyense amakumbukira pangano mwa iye yekha.

Maola ndi 48 pa sabata, ndipo pakhale tsiku limodzi lopuma. Mlonda mmodzi wogwira usiku uliwonse kuyambira 6 madzulo mpaka 6 m'mawa akukwanitsa maola 84, amalume. Akawerengetsa ovataimu yake ku leba, ikhoza kuposa mtengo wa dizilo mukudandaulayo. Kwa antchito ena osakhala mlonda, ola loonjezera limalipidwa limodzi ndi theka, la tsiku lopuma kapena la holide limalipidwa kawiri. N'chifukwa chake ndikuti pezani mlonda wachiwiri azisinthana, makamaka nyengo ya Khirisimasi alendo akadzaza kunyanja.

Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, 15 kwa wogwira masiku 5. Mayi woyembekezera amapuma masabata 8 akulandira malipiro onse. Pa penshoni, bwana amaika 10 pa 100 ya malipiro, wantchito 5.

Malipiro musamangopereka m'manja ayi. Kaya ndi pa Airtel Money, kaya Mpamba, kaya kashi, pakhale buku losayinira mwezi ndi mwezi. Ndipo mukamapita ku boma, dutsani ku leba akupatseni malipiro ochepetsetsa amene akugwira ntchito panopa, chifukwa boma limawasintha. Kalata ya mlondayo mukalemba, ijambuleni munditumizire kumbali ndiione musanamupatse.