Foni yafuna zipangizo zinayi, koma mu Access ndinakonza malo atatu okha

Funso: Achimwene, ndili ndi kashopu kokonza mafoni ndipo ndinasiya kulemba m'kope, tsopano ndimalemba mu Microsoft Access. Patebulo langa la Ntchito ndinaika malo atatu a zipangizo: Chipangizo1, Chipangizo2 ndi Chipangizo3. Sabata yatha panabwera foni yofuna sikirini, batire, sipika ndi potchajira, ndiye chachinayicho ndinasowa pochilemba. Komanso ndikafuna kudziwa mabatire a Tecno amene ndaika mwezi uno, ndimachita kuwerenga ndi chala. Ndikufuna fomu yoti ndikatsegula ntchito, zipangizo zake zonse zizioneka m'munsi. Ndiyambire pati?

Yankho: Achemwali, fomuyo isiyeni kaye, matenda ali m'matebulo. Mukawonjezera Chipangizo4 lero, mawa kubwera foni yogwera m'madzi yofuna zisanu ndi chimodzi. Taonani mmene zinthu zilili pabenchi panupo: ntchito imodzi imadya zipangizo zambiri, komanso mtundu umodzi wa batire umalowa m'mafoni a anthu ambiri. Ubale wotere pachingerezi amati many-to-many, ndipo matebulo awiri okha sangaunyamule. Pamafunika lachitatu lokhala pakati, limene amalitcha junction table.

Ndiye mukhale ndi tebulo la Ntchito, lokhala ndi NtchitoID ya AutoNumber (nambala imene Access imapereka yokha), tsiku, mwini foni ndi vuto lake. Mukhalenso ndi la Zipangizo, lokhala ndi ChipangizoID, Dzina ndi Mtengo. Lachitatulo lipatseni dzina loti NtchitoZipangizo, ndipo mzere uliwonse m'menemo uzinena chinthu chimodzi basi: pantchito yakuti panalowa chipangizo chakuti. Muikemo NtchitoID ndi ChipangizoID, zonse za mtundu wa Number, ndipo Field Size ikhale Long Integer, chifukwa AutoNumber imagwirizana ndi imeneyo. Gwirani Ctrl, sankhani ma field awiriwo pamodzi, kenako dinani Primary Key. Mukatero, chipangizo chomwecho sichingalembedwe kawiri pantchito imodzi. Ngati mwaika ziwiri, muzilemba 2 pa field ina yotchedwa Kuchuluka.

Pali field inanso imene ambiri amaiwala, ndipo ineyo ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse: MtengoWake, kutanthauza mtengo umene munalipiritsa tsiku limenelo. Wina anganene kuti mtengo ulipo kale patebulo la Zipangizo, bwanji kuulemba kawiri? Kumbukirani November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Sikirini imene munagulitsa mu October inadula pofika December. Mukamadalira mtengo wa patebulo la Zipangizo, tsiku limene mwaukweza, ntchito zonse zakale zisintha nawo, ndipo kasitomala wobwera ndi lisiti lake la chaka chatha apeza kompyuta ikunena zina. Mtengo wa tsikulo malo ake ndi patebulo lapakati.

Mukamaliza, pitani pa Database Tools, tsegulani Relationships, kokani NtchitoID kuchoka pa Ntchito kupita patebulo lapakati, ndipo chitani chimodzimodzi ndi ChipangizoID. Konse kuwiri chongani Enforce Referential Integrity. Koma Cascade Delete Related Records kumbali ya Zipangizo musaikhudze. Mukaichonga, tsiku limene mwafufuta batire loti munasiya kuoda, mizere yonse yosonyeza mafoni amene linalowamo ipita nalo limodzi.

Tsopano fomu ija. Yaikulu ikhale pa tebulo la Ntchito. Kafomu ka m'munsi, subform, kakhale pa NtchitoZipangizo, osati pa Zipangizo. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera: amaika kafomuko pa Zipangizo, ndiye akamalemba amapezeka akusintha dzina la chipangizo m'sitoko m'malo mochilumikiza kuntchito. Default View yake ikhale Continuous Forms. Mukakaika m'fomu yaikulu, onani pa Property Sheet kuti Link Master Fields ndi Link Child Fields zonse zalembedwa NtchitoID. Zikatero Access imadzaza yokha nambala ya ntchito pamzere uliwonse watsopano, ndipo mukangodina m'kafomumo, imayamba yasunga zimene mwalemba pamwamba.

M'kafomumo ikani combo box, bokosi losankhiramo pamndandanda, itchuleni cboChipangizo, Control Source yake ikhale ChipangizoID. Pa Row Source lembani SELECT ChipangizoID, Dzina, Mtengo FROM Zipangizo ORDER BY Dzina. Bound Column ikhale 1, Column Count ikhale 3, ndipo Column Widths ikhale 0cm;6cm;2cm. Ziro woyambayo amabisa nambala, inu muziona dzina lokha, pamene kompyuta ikusunga nambalayo. Kuti mtengo uzidzilemba wokha, pa After Update ya combo box sankhani [Event Procedure], itseguleni, ndipo muikemo mzere uwu: Me.MtengoWake = Me.cboChipangizo.Column(2). Musadabwe ndi 2 ameneyo, Access imayamba kuwerenga pa 0. Pa Form Footer ya kafomuko ikani text box yokhala ndi =Sum([Kuchuluka]*[MtengoWake]), ndipo ndalama zonse za zipangizo zizioneka pomwepo kasitomala ataima.

Mwina mukumana ndi Allow Multiple Values, imene inabwera ndi Access 2007, yolola kuchonga zinthu zingapo m'bokosi limodzi. Imaoneka yachidule, koma ilibe polemba kuchuluka kapena mtengo wa chilichonse. Pantchito yanuyi ilekeni.

Funso: Zikomo achimwene, zatheka. Nanga ntchito zakale zija zimene zili pa Chipangizo1 mpaka 3? Ndiponso kodi ndingathe kuona mndandanda wa ntchito kumanzere, ndikadina imodzi zipangizo zake zizituluka kumanja?

Yankho: Musanakhudze kanthu, koperani fayiloyo pa flash. Zakalezo zimasamuka ndi append query zitatu zokopera mizere kupita patebulo lapakati, imodzi pa field iliyonse, ndipo pa Criteria muzilemba Is Not Null. Ntchito yaikulu ikhala yokonza mayina kaye, chifukwa ngati pena munalemba batire Tecno, pena Tecno battery, kompyuta iziona ngati zinthu ziwiri. Mayina agwirizane ndi a patebulo la Zipangizo, ndiye query ipeze nambala yake.

Za kumanzere ndi kumanja zimatheka, koma timafomu tiwiri sitilumikizana tokha, pamafunika mkhalapakati. Pangani fomu yaikulu yopanda tebulo, ikanimo subNtchito, kafomu ka pa Ntchito, kumanzere ndi subZipangizo, kafomu ka pa NtchitoZipangizo, kumanja. Ikaninso text box yotchedwa txtNtchito, Control Source yake ikhale =[subNtchito].[Form]![NtchitoID], ndipo Visible ikhale No. Kenako pa subZipangizo lembani txtNtchito pa Link Master Fields ndi NtchitoID pa Link Child Fields. Mulembe ndi manja, chifukwa kabatani ka madontho atatu ka pambali pake kakukanani kuti fomu yaikulu ilibe tebulo. Mukadina ntchito ina kumanzere, text box imasintha ndipo kumanja kumatsatira.

Mabatire a Tecno aja, tebulo lapakati lomweli likuyankhani mukaliyang'anira kumbali inayo. Pangani fomu pa Zipangizo, kafomu kake kakhale pa query yophatikiza NtchitoZipangizo ndi Ntchito kuti tsiku lizioneka, ndipo ulendo uno mulumikize ndi ChipangizoID.