Kwa achemwali amene mwafunsa za mwana wa mng'ono wanu

Achemwali, zimene mwalembazi ndaziwerenga kawiri. Mwati mwana wa mng'ono wanu ku Tsangano wakwanitsa zaka 4 koma sakhala yekha, khosi silinalimbe, akamadya amatsamwa ndipo nthawi zina amakomoka. Mwatinso akuchimuna akuti ndi zamatsenga, bambo ake anapita ku Moatize ndipo foni sayankha, pomwe mayiyo wawonda, sagona, kutchalitchi anasiya. Mukufunsa kuti inu monga mkulu wake mungatani. Ine ndili ku Ulongué, ndikulera mnyamata wazaka 9 amene anayamba chimodzimodzi, ndiye ndikuyankhani monga mayi mnzake wa mng'ono wanuyo.

Ndiyambira kwa mayiyo, chifukwa anthu akafika pakhomo lotere maso onse amathamangira pa mwana, ndipo amene wamubereka kumsanayo palibe amamufunsa ngati wadya. Mwana wazaka 4 ndi wolemera. Kumubereka popita kudimba, kumjigo, kuchigayo, kenako usiku kudzuka katatu kanayi kumutembenuza ndi kumusintha nsalu, msana umatha. Ine ndinafika poti ndikakhala pansi kuti ndisankhe nyemba misozi inkangotsika yokha popanda wondilankhula choipa. Abale ankabwera ndithu, ankapepesa, ena ankasiya ndalama ya sopo, koma onse ankanyamuka dzuwa lisanapendeke n'kundisiya ndi mwana m'manja. Amene anandipulumutsa ndi azakhali anga, amene tsiku lina anangofika ndi chitenje chawo n'kunena kuti, “Lachitatu lililonse mwanayu ndi wanga, iwe uzipita kumene ukufuna.” Lachitatu loyambalo sindinapite kulikonse. Ndinayala mphasa kuseri kwa nkhokwe n'kugona mpaka nkhuku zinayamba kulowa.

Ndiye inu musamufunse mng'ono wanu kuti “ndikuthandize chiyani?” Adzakuyankhani kuti palibe, chifukwa manyazi ndi kutopa zimatseka pakamwa. Sankhani tsiku, mulitchule, ndipo muzilisunga. Ngati muli kutali, khalani pansi ndi amayi anu, atsibweni ndi ana aakuluakulu a pamudzipo mugawane: uyu madzi, uyu nkhuni, uyu kudyetsa mwana masana. Koma chonde musaunjike zonse pa kamtsikana kamodzi ka m'nyumbamo mpaka kusiya sukulu. Ndaona atsikana angapo atsalira motero, ndipo zimandiwawa.

Za matsengazo, sindinyoza akuluakulu, koma ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Ife tinagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a mbatatesi kuyenda kwa asing'anga, mwana anatemedwa mphini thupi lonse, khosi silinalimbe ngakhale pang'ono. Nditafika kuchipatala anandifunsa za tsiku lobadwa. Ndinavutika usiku wonse ndi tsiku lotsatira, ndipo mwanayo atabadwa sanalire msanga. Anandifotokozera kuti ubongo wa khanda ukasowa mpweya nthawi imeneyo, mbali imene imalamulira minofu imavulala. Kuchipatala amati paralisia cerebral. Zimabweranso mwana akadwala chikasu chachikulu masiku oyambirira, malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi. Si tchimo la mayi, si chigololo cha wina aliyense, ndipo sizipatsirana. Ine sindingadziwire pafoni chimene chinachitika kwa mwana wa kwanuyo, n'chifukwa chake akuyenera kuonedwa ndi achipatala. Mutenge khadi yake ya kusikelo, mupemphe kuti aonedwe ku Consulta da Criança em Risco, kumene amaona ana ofunika chisamaliro chapadera, ndipo mufunse kalata yokaonana ndi a fisioterapia, amene amathandiza kulimbitsa ndi kuwongola ziwalo. Inu mupite nawo. Mayi wotopa amaiwala theka la zimene wauzidwa asanatuluke n'komwe pachipata.

Kukomokako musakuchedwetse. Ngati ndi khunyu, mankhwala alipo, monga fenobarbital ndi carbamazepina, ndipo amagwira ntchito akamamwedwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, osasiya chifukwa choti mwana wakhala mwezi osagwa. Akayamba kuphupha mugonekeni chammbali, muchotse zinthu zomuvulaza, ndipo musamuike supuni, chala kapena madzi mkamwa. Zikapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala. Malovu ake sapatsira munthu khunyu, zimenezo muwauze onse a pakhomopo kuti asamuthawe. Ndipo poti kwathu kuno June ndi July kumazizira kwambiri, tonse timaunjikana pamoto, mwana wotere asamagonekedwe pafupi ndi mafuwa kapena mbaula.

Pa kadyedwe ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndinkalakwitsa kwa zaka ziwiri. Ndinkamugoneka chagada pamiyendo panga, mutu uli chakumbuyo, n'kumamuthira phala lamadzimadzi kuti lilowe msanga. Ankatsokomola, maso n'kufiira, ndipo chibayo sichinkamutalikira. Sindinkadziwa kuti phalalo linkapita kumapapo. Tsopano ndimamukhazika mowongoka, nditamuchirikiza msana, chibwano chitatsikira pang'ono pachifuwa. Phala ndimapanga lolimbirapo, la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, kasupuni ka mafuta, dzira likapezeka, masiku ena mbatatesi yopota ndi msuzi wa nyemba zosenda. Ndimamupatsa pang'onopang'ono ndi kasupuni kakang'ono, n'kudikira mpaka ndione pakhosi kuti wameza. Mbale imodzi imatha theka la ola kapena kuposa. Akamaliza sindimugoneka nthawi yomweyo. Ntchito imeneyi aiphunzire anthu awiri kapena atatu pakhomopo, chifukwa ngati wodziwa kudyetsa ndi mayi yekha, ndiye kuti sangapite ngakhale kumaliro a mbale wake.

Zipangizo musadikire zochokera kutali. Kalipentala wa pamsika anatikhomera kampando kokhala ngati ngodya ya nyumba, kotchinga mbali ziwiri, kokhala ndi kathabwa kutsogolo koikapo manja. Tisanakapeze tinkamukhazika m'beseni titazinga nsalu. Pabwalo tinazika nsungwi ziwiri zoti azigwira poimirira. Tsiku limene anakhala m'kampandoko pakhonde n'kumaona anzake akusewera mpira wachikulunga, anaseka mokweza mpaka aneba anatuluka. Mwana wongogona m'nyumba manja ndi miyendo zimapindika n'kuuma, ndipo amatuluka zilonda pamatako. Muzimusintha kagonedwe, muziwongola ziwalo mofatsa monga akuonetsereni a fisioterapia, osakoka mwamphamvu. Ndisakunamizeni: wanga mpaka lero sayenda yekha. Koma amakhala, amagwira kapu, amanditchula, ndipo akafuna kuchimbudzi amandiuza ndi dzanja.

Za boma, yambani ndi kumulembetsa ku Registo Civil, ofesi yolembetsa ana obadwa, ngati alibe cédula, chikalata chake chakubadwa, chifukwa popanda pepala limeneli zitseko zambiri sizitseguka. Kenako mupite ku ofesi ya distrito yoona zaumoyo, amayi ndi Acção Social, mufunsenso kwa anyakwawa kapena a secretário kuti permanente, munthu woimira INAS (bungwe la boma lothandiza osauka) m'dera lanu, ndani. Pali thandizo lotchedwa Subsídio Social Básico limene mabanja osauka okhala ndi munthu waulumali angathe kulembetsedwa. Ndalama zake ndi zochepa, sizingagwire banja, koma sopo ndi ulendo wa chapa (minibasi) wopita kuchipatala zimachokapo. Dziko lathu la Mozambique linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 kunakhazikitsidwa lamulo loteteza ufulu wawo, choncho mukamafunsa musamachite ngati mukupempha chifundo. Kulinso mabungwe a anthu aulumali eni ake monga ADEMO ndi FAMOD. Za sukulu nthawi yake ikadzakwana, dziwani kuti ku Tete kuli malo otchedwa CREI oona za maphunziro ophatikiza ana onse, koma poyambira ndi pasukulu ya pamudzi pomwepo. Wanga anayamba pakati pa chaka, mphunzitsi wina atabwezapo kawiri kuti alibe pomukhazika. Ndinangosenza kampando kaja n'kukakaika m'kalasi ndekha.

Bambo a mwana wa mng'ono wanuyo musawathamangire ndi mwano pafoni, ngakhale mtima ukuwawa. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nkhaniyo ikambidwe pabwalo, ndipo ngati n'kotheka wina wa kuchimunako apite nanu kuchipatala akamve yekha chimene chinachitika. Apongozi anga anasiya kundiloza chala tsiku limene anamva ndi makutu awo kuchokera kwa namwino. Bambo ali ndi udindo wosamalira mwana wake, ukwati ulipo kapena watha, ndipo akakanitsitsa nkhaniyo imatha kupita kukhoti. Ngati pali wina amene akumumenya mwanayo, kumutsekera kapena kumumana chakudya, imbani 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança.

Chinanso, mng'ono wanuyo mumuyang'anitsitse. Ngati sakudya, sakusamba, akulira kosalekeza, kapena wayamba kunena kuti bola atangofa iye ndi mwanayo, musamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro ndipo musamusiye yekha. Amenewo ndi matenda a maganizo, amathandizika kuchipatala. Mupite naye, ndipo muwauze achipatala mawu ake enieniwo. Muwapemphenso amayi a mpingo kapena a mphakati kuti mapemphero ena azichitira pakhomo pakepo, mwanayo ali pamphasa pakati pawo. Ife kuno tinapezana amayi asanu pamzere wa kuchipatala, tinayamba chipereganyu chaching'ono, ndipo timakumana kamodzi pamwezi. Ndalama zake n'zosachititsa kaso, koma kumeneko ndi kumene ndimatha kunena kuti sabata ino ndatopa naye mwana wanga, popanda wondiyang'ana ngati mfiti. Akamadikira pamzere azicheza ndi mayi amene wakhala naye pafupi, afunsane kumene amachokera.

Loweruka likubwerali, ngati mungathe, kwerani chapa mupite ku Tsangano. Mutenge nsinjiro ndi kasupuni kakang'ono, mukamuuze mng'ono wanu akuonetseni mmene amadyetsera mwanayo, ndipo usiku umenewo mwanayo akagone kwa inu. Mukabwerako mudzalembe pompano mmene mwamupezera, makamaka za kukomokako, tidzaone poyambira.