Kachitsulo ka agogo anuko si wailesi, musakagulitse pa sikelo

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo, amene ankagwira ntchito ku positi nthawi ya atsamunda, apeza kachipangizo ka mkuwa kokhomedwa pa kathabwa, ndipo m'kabuku ka agogowo mwalembedwa mawu akuti sounder. Akufunsa ngati kali kawailesi kakale, komanso ngati alole mlongo wawo kukagulitsa kwa ogula zitsulo.

Mayi, funso lachiwirilo ndi limene landiimitsa tsitsi.

Amalume anga nawonso anali kalaliki wa matelegalamu, mauthenga otumizidwa pa waya mogogoda timadontho ndi timizere. Ine ndinawadziwa atapuma kale, maso atayamba kuchita nkhungu, koma chala chawo sichinapume. Tikamadya, iwo ankagogoda supuni pa mbale, ko-ka, ko-ka, kenako n'kuseka okha. Azakhali ankati nkhalamba yayamba kuzungulira mutu. Pambuyo pake ndi pamene amalumewo anatiululira kuti ankatinena ife tomwe, kuti uyu wasusuka, uyu sanasambe m'manja, ndipo panalibe wowamva. Ankanyadira kuti pa ntchito ankatha kulemba uthenga wochokera kutali kwinaku akuyankha munthu amene waima pa kauntala. Ankatinso mnzawo aliyense wa pa waya ankamuzindikira ndi kagogodedwe kake, ngakhale ena mwa anzawowo sanaonane nawo maso ndi maso mpaka kufa. Wina ankathamanga, wina ankakoka timizere, wina akakwiya zinkamveka.

Atamwalira, sutikesi yawo yachitsulo inatsegulidwa maliro asanathe n'komwe. Majekete anagawana. Kachipangizo kogogodera kamene ankasunga mu nsalu, mbale wina anakapereka kwa anyamata ogula zitsulo, anakaika pa sikelo, ndipo ndalama yake sinakwane ngakhale paketi ya shuga. Mpaka lero tikakumana pa ukwati ndimangomupatsa moni wa pakamwa basi.

Ndipo vuto lathu ndi lomweli. Timasunga chikho cha mpira cha sukulu, koma chida chimene munthu anadyetsera banja moyo wake wonse timachiona ngati chinyalala chifukwa sitikudziwa dzina lake. Tsegulani mabuku a mbiri muone. Mupezamo Cecil Rhodes, amene mu 1892 anayambitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph pofuna kuti waya uchoke ku Cape, ku South Africa, ukafike ku Cairo, ku Egypt. Mupezamo kuti wayawo unadutsa ku Tete, unafika ku Blantyre, unatsata nyanja mpaka ku Karonga, n'kukathera ku Ujiji, ku Tanzania, osafika ku Cairo konse. Mitengo yake inali yachitsulo chifukwa yamatabwa ikanadyedwa ndi chiswe. Nanga anasenza zitsulozo pamutu ndani? Amtengatenga, anthu athu. Anadzakhala pa tebulo zaka zotsatira n'kumamvetsera ndani? Anthu ngati agogo anu. Mayina awo simuwapeza. Ine ndimati luso lenileni la telegalamu silinali mu waya, linali m'khutu la kalaliki, ndipo amene akutsutsa ayese kumva mawu kuchokera ku kugogoda kwa chitsulo aone ngati atole ngakhale chilembo chimodzi.

Amafilimu nawo amandinyansa. Akafuna kuonetsa ofesi ya telegalamu ya zaka za m'ma 1800 amaika kulira kwa pii-pii-piii. Bodza. Kulira kumeneko ndi kwa mauthenga a timadontho ndi timizere a pa wailesi, amene anabwera pambuyo. Pa waya panalibe kuimba, panali kugogoda.

Tsono sounder n'chiyani?

Ndi mbali yolandirira uthenga. Yang'anani bwino kanuko. Muona timigolo tiwiri tokulungidwa waya wopyapyala, ndipo pamwamba pake pali kamkono kachitsulo kamene kamatha kutsika ndi kukwera. Munthu wa kutali akadina chogogodera chake, chimene ankachitcha key, magetsi amayenda mu waya, timigolo tija timasanduka maginito n'kukokera kamkono pansi: ko. Akachotsa chala, magetsi amaduka, sipuling'i imabweza kamkono m'mwamba n'kukagunda kasikuluwu: ka. Phokoso lotsika ndi lokwera limasiyana, ndipo uthenga uli pa mpata wa pakati pake. Mpata waufupi ndi kadontho, wautali ndi kamzere. Mulibe sipika, mulibe mawu a munthu.

Chosangalatsa n'chakuti poyamba sanaganize zoti munthu azimva ndi khutu. Pamene Samuel Morse anatumiza uthenga kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore mu 1844, makina olandirira ankadinda timadontho ndi timizere pa kapepala kakatali, wina n'kumawerenga. Makalaliki okha ndi amene anazindikira kuti akumva uthengawo makina akamagogoda, pepala asanaliyang'ane. Andrew Carnegie, amene anadzakhala mpondamatiki wa zitsulo, anaphunzira kumva motero ali mnyamata wotumikira mu ofesi ya telegalamu ku Pittsburgh. Mabwana ataona kuti khutu likuchita changu kuposa pepala, pepala linachotsedwa, n'kutsala kogogoda kokha. M'maofesi aphokoso ankakaika m'kabokosi kamatabwa kotsegula mbali imodzi kuti phokoso lilunjike kwa mwini wake, ndipo ku America ena ankalowetsamo chitini cha fodya kuti kawo kazimveka mosiyana ndi ka mnzawo. Pa waya wautali magetsi ankafika atafooka, choncho ankadutsa kaye pa chipangizo china chotchedwa relay, chimene chinkatsegula ndi kutseka batire la mu ofesi momwemo. Mwina m'katundu wa agogo mulinso chimenecho, chimafanana nako koma sichisokosa.

Zoti muchite n'zochepa. Musakakweche ndi mchenga kapena sitiliwulu, ingopukutani ndi nsalu youma. Musakalumikize ku magetsi a m'nyumba, waya wake upsa. Yang'anani pa kathabwako ngati pali dzina la kampani kapena nambala, mujambule. Kabuku ka agogo kaja kasungeni pamodzi ndi kachitsuloko pamalo posafika chinyezi. Mlongo wanuyo akaumirira, mufunseni kuti ogula zitsulo amupatsa zingati, mumupatse ndalamayo inuyo, katunduyo mupite naye kwanu.