Kodi kompyuta ingandiwetere nsomba?

FUNSO: Ine ndili ndi madamu awiri a makumba ndi chilunguni, nde mwana wanga amangoti ndikutsalira, ati kunja anthu akuweta nsomba ndi makompyuta komanso zomwe akuti big data. Zimenezi ndi chani kwenikweni, nanga ife zingatithandize? Mlimi wa ku Chingale, Zomba.

YANKHO: Bambo, mwana wanuyo sakunama ayi. Ku Norway komwe amaweta nsomba za salmon m'makheji akuluakulu panyanja amaika makamera ndi masensa (tizipangizo toyezera zinthu) m'madzimo, zimayeza kutentha kwa madzi, okosijeni (mpweya womwe nsomba zimapuma), kukula kwa nsomba, mpaka nsabwe zomwe zimamata pathupi pa nsombazo kamera imawerenga. Manambala onsewa akaunjikana kwa zaka kuchokera m'makheji ambirimbiri ndi omwe akuwatchula big data aja, kompyuta imaonapo zomwe zimachitika mobwerezabwereza nkumuchenjeza mlimi zinthu zisanafike poipa. Ku Indonesia kampani ya eFishery yomwe inayamba mu 2013 inatchuka ndi makina omwaza chakudya okha omwe mlimi amawalamula pa foni.

Chomwe onsewa akuthamangitsa ndi chakudya, poti pa ulimi wa nsomba wa bizinesi chakudya chimadya ndalama zoposa theka la zonse zomwe mwalowetsa. Ndipo nsomba sizidya mofanana tsiku lililonse. Makumba ndi chambo zimakula bwino madzi akamatentha madigiri 25 mpaka 30, akatsika kufika cha m'ma 20 ngati mu June ndi July muja zimadya monyinyirika, nde inu mukamathirabe madeya mulingo womwewo amangomira nkuwola pansi, powolapo akudya okosijeni yemwe nsomba zimafuna. Mukaziona m'mamawa zili yasaa pamwamba kukamwa, vuto ndi limenelo, okosijeni amakhala wochepetsetsa mbandakucha chifukwa usiku ndere sizimupanga.

Koma kunena zoona, masensa pa madamu awiri ndi kutaya ndalama, amafuna magetsi kapena sola, netiweki yodalirika ndi bandulo, akaonongeka okonza mumupeza kuti? Zimenezo zimagwirizana ndi makampani ngati Maldeco ku Mangochi kapena Yalelo ku Siavonga, Zambia, pa nyanja ya Kariba, omwe ali ndi makheji ambiri.

Inu gulani thermometer (choyezera kutentha) ndi sikelo basi. Tsiku lililonse muzilemba kutentha kwa madzi, makilogalamu a chakudya chomwe mwathira ndi nsomba zomwe zafa, pamwezi kamodzi kokani khoka muyeze zingapo. Mwana wanu wokonda zamakonoyo mupatseni ntchito yolowetsa zimenezi mu Google Sheets, pulogalamu yosungira ndi kuwerengera manambala, pa foni yake. Pokolola gawani kulemera kwa chakudya chonse ndi kulemera komwe nsomba zawonjezera, mudziwa kuti kilogalamu imodzi ya nsomba yakudyerani makilogalamu angati a chakudya komanso damu liti likukugwetsani. Mukakhala pa kalabu nkuphatikiza manambala a alimi nonse, alangizi a ulimi wa nsomba a ku Domasi akabwera amakhala ndi poyambira.