Amalume, za ayisi mwafunsa zija ndi izi

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndine mphwanu kuno ku Tete. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'kalasi ndi ana, ndipo nkhaniyi kuti ndilembe chala chingathe, ndiye ndingolankhula. Amene mamega akutherani mudzamvera mawa.

Mwati mwamva pa wailesi kuti kuli anthu akukumba madzi oundana kumalekezero a dziko, n'kumati akudziwa mmene kunja kunkachera zaka 800,000 zapitazo. Ndiye mwafunsa kuti analipo ndani nthawi imeneyo, si bodza lodyera ndalama limeneli? Alamu nawo athira ndemanga kuti ife a ku Ulongué zikutikhudza pati. Eee, funso lanu ndi la mutu, inenso nditamva koyamba ndinaseka.

Tiyambe ndi sinowo, amene m'Baibulo amati chipale chofewa. Si matalala aja anatiboolera fodya chaka china, ayi. Matalala ndi miyala, amagwa ndi phokoso. Sinowo amagwa mwakachetechete, wopepuka ngati gaga akamauluka pa lichero. Si chisanunso chija chimayera m'dambo ku Tsangano mu Juni n'kuwaula masamba a kachewere, chifukwa chimenecho dzuwa likangotuluka chatha. Ku Antarctica, kumwera kwenikweni kupitirira Cape Town, pakati pa dzikolo sinowo sasungunuka. Kumazizira moti pamalo ena otchedwa Vostok, mu Julayi 1983, anayeza madigiri 89 kunsi kwa ziro. Ife kuno tikulira ndi 42 ya pamwamba.

Ndiye taganizani nkhokwe yoti simutapamo. Chaka chino mwathira chimanga, chaka chamawa mwathira china pamwamba, choncho choncho mibadwo ndi mibadwo. Amene angapise dzanja mpaka pansi apeza chimanga cha agogo a agogo anu. Ayisi wa kumeneko ndi nkhokwe yotero. Sinowo wa chaka chino amapsinja wa chaka chatha, wapansiyo n'kulimba kusanduka ayisi. Waunjikana mpaka kuchindikala pafupifupi makilomita awiri, malo ena kupitirira anayi. Phiri lathu la Dómuè, kuliyeza kuchokera pa nyanja yamchere, ndi makilomita awiri ndi pang'ono. Ndiye kuli malo oti mutaliimika pansi pa ayisiyo, nsonga yake osaoneka n'komwe.

Kukumba kwake sikwa khasu. Amaboola ngati mjigo, koma chitsulo chake ndi chamkati mwa mphako, chimatuluka ndi ayisi wozungulira ngati munsi, kunenepa kwake masentimita 10 basi. Amatulutsa chidutswa, kuchiyeza, kuchilemba nambala, kubwezanso chitsulo. Amagwira miyezi iwiri kapena itatu yokha pachaka, cha mu Disembala ndi Januwale, nthawi imene ife tikupalira, chifukwa miyezi inayo kuli mdima ndi kuzizira kosapiririka. Ku Vostok anafika mamita 3,623 mu 1998, n'kupeza mbiri ya zaka 420,000. Mayiko a ku Ulaya pa ntchito yawo yotchedwa EPICA, pamalo otchedwa Dome C, ndi amene anafika pa zaka 800,000 mwamvazo. Ndipo mu Januwale 2025 anzawo anatulutsa ayisi wa zaka 1.2 miliyoni, pa mamita 2,800.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, amalume. Azakhali, inu amene mumaumitsa madzi m'mapulasitiki ogulitsa aja, mawa tatengani chibuma chimodzi mu geleira muchiyang'ane padzuwa. Oo, ndisanaiwale, ku Brazil mawu oti geleira amatanthauza mtsinje wa ayisi wa m'mapiri, pamene ife kuno ndi filiji ya m'nyumba. Ana anga m'kalasi zimawasokoneza chaka chilichonse. Chabwino, chibumacho muona kuti m'mbali ndi mowala ngati galasi, koma pakati ndi poyera mbuu. Kuyerako ndi timathovu ta mpweya totsekeredwa. Mukachiponya m'kapu ya madzi n'kuika khutu pafupi, mumva kuti tetete, tetete, mpweya ukuthawa.

Kumenekonso ndi chimodzimodzi. Sinowo akamapsinjika, mpweya umene unali m'mipata yake umatsekeredwa, osatulukanso. Mfalansa wina, Claude Lorius, mu 1965 ali ku Antarctica anaponya kachidutswa ka ayisi wokumba m'tambula yake ya wisiki. Ataona timathovu tikukwera, nzeru inamufikira yoti umenewu ndi mpweya wakale, ungathe kuyezedwa. Mwaona, amalume, mowa nthawi zina umathandiza, koma musakauze abusa kuti ndanena ine.

Ndiye pofunsa kuti analipo ndani, munthu kunalibe amene analemba, koma mpweya wa tsiku limenelo ulipo, weniweniwo, ali nawo m'manja. Sakulota kapena kuombeza. Amaphwanya ayisiyo m'chitini chotseka bwino, mpweya n'kutuluka, iwo n'kuuyeza.

Zaka amaziwerenga bwanji? Kumene sinowo amagwa wambiri, monga ku Greenland, mizere imaoneka ngati ija ya pa chitsa mukadula mtengo, wa dzinja ndi wa chilimwe wosiyana fumbi ndi mchere wake. Palinso zizindikiro zotsimikizira. Phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika mu 1815, ndipo utsi wake unasiya mzere mu ayisi wa kumpoto ndi wa kumwera komwe. Akaupeza amadziwa kuti apa ndi 1815, kuwerenga kwathu kuli bwino. Pansi penipeni mizere imafinyika kwambiri moti saiwerenganso umodziumodzi, amagwiritsa masamu ndi njira zina, ndiye zaka za pansizo ndi zoyerekeza, zikhoza kuphonya ndi masauzande angapo. Koma pa zaka 800,000 kuphonya kotero kuli ngati kusowa chitsononkho chimodzi m'ngolo. Kutentha kwa nthawiyo amakudziwira m'madzi a ayisiyo: m'madzi muli tizigawo tina tolemera ndi tina topepuka, ndipo kukazizira kwambiri tolemerato timachepa mu sinowo.

Apeza chiyani? Mpweya uja wa carbon dioxide, umene umatuluka tikawotcha makala, malasha ndi mafuta, pa zaka 800,000 zonsezo unkasewera pakati pa 180 ndi 300 pa timagawo 1 miliyoni ta mpweya. Ukatsika, dziko linkakhala lozizira, ukakwera, lofunda, ziwirizi zimayenda limodzi ngati ng'ombe za pa goli. Mafakitale asanayambe unali pa 280. Lero wadutsa 420. Nambala imeneyi mu nkhokwe yonse ija mulibemo. Ineyo chimene chinandikhutiritsa ndi chimenechi, osati zokamba za pa misonkhano. Ndipo ndikamaona sitima ikunyamuka ku Moatize itasenza malasha kupita ku doko, ndimadziwa kuti nafenso tili m'nkhanimo, ngakhale owotcha ambiri ali kutali. Achimwene amene mumadyera kumeneko musandikwiyire, ana ayenera kudya.

Alamu, funso lanu lija. Zambezi wathu samwa sinowo, amachokera ku mvula ya kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, cha ku Mwinilunga, ndi ya ku Angola. Ndiye Cahora Bassa sadzaphwa chifukwa ayisi watha, zimenezo ndi nkhawa za a ku Pakistan ndi India amene mtsinje wawo wa Indus umadalira sinowo wa m'mapiri. Ife zimatipeza podzera kunyanja. Ayisi woyandama kale panyanja akasungunuka sakweza madzi kwenikweni, yesani ndi kapu muona. Koma wa pamtunda akatsikira m'nyanja, madzi amakwera. Wa ku Greenland yekha atasungunuka yense nyanja ingakwere mamita 7, wa ku Antarctica mamita 58. Zimenezo si za mawa kapena za zidzukulu zathu, musagulitse mbuzi. Koma kuchokera mu 1900 nyanja yakwera kale masentimita ngati 20, china chifukwa cha ayisi, china chifukwa madzi akafunda amafufuma. Chikhatho chimodzi chokha. Kwa inu a kumapiri n'zoseketsa. Koma achemwali ali ku Beira atiuze, mzinda uja uli pansi moti madera ena madzi akadzaza amalingana ndi nyanja. Namondwe Idai atabwera mu Malichi 2019 munaona. Sindikunena kuti ayisi ndi amene anabweretsa Idai, anamondwe analipo kalekale. Ndikunena kuti namondwe akapeza nyanja itakwera kale, mafunde amalowa patali, ndipo mpweya wofunda umasenza mvula yambiri. Mukukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022, mlatho wa Revúbuè utaduka, ife a ku Tete ndi a ku Moatize tikungoyang'anana kutsidya.

Ndipo ayisi si wa azungu okha. Pa Kilimanjaro ku Tanzania alipo, ndipo Lonnie Thompson wa ku America anakamuboola mu 2000. Kuyambira 1912 kufika 2007 ayisi wa paphiripo anatha magawo 85 pa 100. South Africa nayo ili ndi malo ake ofufuzira ku Antarctica, otchedwa SANAE, sitima yawo imanyamukira ku Cape Town chaka ndi chaka.

Foni ikulira batire. Azakhali, za kapu zija muyesedi, muwaike amalume khutu amve okha. Ndipo kachewere uja munalonjeza, mutumize pa chapa ya Loweruka, kuno wakwera mtengo zedi. Moni kwa agogo.